Mano a Mkondo wa Gavino

Ndakhala ndikumasulira zilankhulo pa milandu kuno ku Sète, tauni ya padoko komwe anthu amalankhula Chifalansa, zaka khumi ndi ziwiri, koma sindinaopepo ngati tsiku la mlandu wa Gavino Murru.

Gavino anali msodzi wachikulire wochokera ku Sardinia, chilumba cha Ataliyana, ndipo Chifalansa ankangodziwa mayina a nsomba. Ankamuimba mlandu wobaya msodzi mnzake, Cabrol, pa ndewu ya padoko. Cabrol anabayidwa chakumbuyo, sanaone munthu, koma dokotala anapeza mabala atatu ondondozana pantchafu. Kupolisi Gavino anavomera kuti ananyamula *fiocina*, mkondo wobayira nsomba, womwe unagwera m'madzi ndewu ili mkati. Ine, pofulumira, ndinamasulira m'Chifalansa kuti *trident*.

M'khoti, loya wa boma anawerenga liwulo kawiri. Kenako anauza woweruza, Mayi Rouquette, kuti linachokera ku Chilatini, *tridens*, kutanthauza mano atatu, ndipo Ataliyana ndi Asipanishi amati *tridente*.

"Mano atatu, mabala atatu," anatero, n'kukhala pansi.

Ndinamunong'oneza Gavino zonsezo m'Chitaliyana. Anandiyang'ana modabwa.

"Atatu a chiyani, mwana wanga? Wangatu uli ndi mano asanu ndi awiri."

Palibe wina m'chipindamo amene anamva Chitaliyanacho. Ndikanatha kungoti mkuluyu akukana mlandu, nkhani n'kupitirira. Woweruza anandifunsa zimene Gavino wanena, cholembera chili m'mwamba.

Ndinaimirira. Ndinamasulira mawu ake onse, kenako ndinati wolakwa ndine. Ndinafotokoza kuti *fiocina* linachokera ku liwu lina la Chilatini, *fuscina*, lomwe silitchula kuchuluka kwa mano, ndipo Gavino sananenepo za atatu.

"Ndiye kuti munthuyu wakhala m'ndende milungu isanu chifukwa cha liwu lanu?" anafunsa Mayi Rouquette.

"Inde, mayi."

Loya wa boma anati ndikuikira kumbuyo munthu wakwathu, popeza mayi anga ndi Mtaliyana wa ku Genova. Woweruza anaimitsa mlandu, nalamula kuti akatswiri osambira akafufuze pansi pa doko.

Mkondowo unapezeka Lachisanu uli m'matope, ndipo dokotala atauyeza anati sukugwirizana ndi mabala aja. Gavino anamasulidwa. Ine anandiimitsa ntchito miyezi inayi. Amene anabaya Cabrol sanapezeke mpaka lero, ngakhale kuti padoko aliyense ali ndi dzina lomwe amatchula motsitsa mawu.