Chifu cha a Matani

Foni ya malemu inaliranso pa shelefu, ndipo onse amene anali pabalaza anasiya kutafuna.

"Akuimba ndani kodi?" anafunsa amayi aakulu, mkulu wake wa malemuyo. "Munthu tinamuika Lachiwiri. Sanamve?"

"Palibe akuimba, amayi aakulu. Ndi alamu," anayankha mwana wamkazi wa m'nyumbamo.

"Alamu ati? Alamu anga si awa akhala apa ngati thumba la simenti?"

Ena anaseka pang'ono, kenako anakumbukira chimene anabwerera. A Matani sanaseke. Anali pampando wawo waukulu, manja pamawondo, maso pakhoma.

Malemu akazi awo ndiwo anatchera foniyo kuti izilira pa mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ikalira, a Matani ankayenera kumwa madzi odzaza kakapu koyezera mankhwala a chifuwa. Panali patatha milungu itatu chiwachitireni opaleshoni yochepetsa thupi. Madokotala anadula chifu n'kusiya kachigawo konga nthochi. Pamimba panali timabala tisanu tomata ndi pulasitala.

Dzina la Matani analipeza kuntchito. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala m'kanyumba ka magalasi pafupi ndi sikelo yoyezera malole, ndipo madalaivala ankati bamboyo akafuna kudziwa kulemera kwake amangotuluka n'kuima pomwe pamaima lole. Shuga anabwera, mawondo anayamba kukana, mpweya unkabanika akagona. Akazi awo anawachonderera zaka zinayi. "Mukufuna mundisiye ndi ndani?" ankatero. Iwo ankangoyang'ana kumbali. Tsiku limene anavomera anangoti, "Chabwino." Patatha milungu iwiri chitulukireni m'chipatala, mkaziyo, amene sankadwala kupatula chimfine, anagwa akuyanika zovala. Anafika kuchipatala atatha kale.

Kumanda jekete linawakulira a Matani. Anthu atatu anawagwira dzanja kuwapepesa, n'kuwonjezera chapansipansi kuti, "Koma mwaondatu, mukuoneka bwino."

Mwana wamkazi anadzaza kakapu kaja n'kugwada pafupi ndi mpando. "Bambo, imwani."

Asanalandire, mng'ono wawo wa a Matani anasendera pafupi ndi mbale yake. Anzawo a kuntchito ndi oyandikana nawo nyumba anali atabweretsa mapoto a mpunga, nyama ndi nkhuku yokazinga, ndipo fungo linali litalowa mpaka m'makatani.

"Achimwene, munthu si nsomba kuti azikhalira madzi. Kachidutswa aka kokha."

"Ayi, bambo aang'ono. Sanafike pa zolimba. Pepala lakuchipatala likuti zopera zokhazokha."

"Pepala limadziwa chisoni? Iwe ukudya, ife tikudya, mwini nyumba azingotiwerenga mano?"

A Matani anatambasula dzanja n'kutenga kachidutswako. Anatafuna nthawi yaitali, n'kumeza. Mng'ono wawo anayang'ana onse monga munthu amene wachiritsa wodwala. Sipanathe mphindi zisanu, a Matani anagwira pachifuwa, anadzuka pang'onopang'ono n'kupita kubafa. Pabalaza onse anamva. Wina anakweza wailesi.

Atatuluka anakagona. Foni inalira, inaliranso, ndipo kakapu kanakhala pa tebulo kodzaza.

Loweruka m'mawa milomo yawo inali itauma n'kung'aluka. Podzuka anachita chizungulire, anagwira chitseko. Mwanayo anatenga botolo la madzi limene amayi ake analemba mizere ndi cholembera chakuda, n'kuona kuti kuyambira dzulo masana madzi sanatsike ngakhale mzere umodzi. Anaimbira namwino wa kuchipatala, ataima pakhonde.

Atabwerera anaima kumiyendo kwa bedi. "Anamwino akuti mukapanda kumaliza botolo ili pofika mawa m'mawa, tipite akakugonekeni, akakuikeni diripi. Akuti impso sizidikira munthu."

"Ndamva."

"Ndiye mumwa?"

"Ndamva, mayi."

"Kodi pakhosi pakupweteka? Mseru?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

A Matani anayang'ana kudenga. Mbali ina ya bedi inali yoyalidwa bwino, mtsamiro uli chiimire monga anausiyira mwini wake.

Mwanayo anapita kukhitchini. Anapeza amayi aakulu akusuka mapoto mwamphamvu ngati ali nawo chifukwa. Foni ija inali pambali pa sinki, itazimitsidwa.

"Ndaithimitsa. Ikundiimitsa mtima," anatero osatembenuka. "Ubwerera liti kuntchito?"

"Lolemba. Anandipatsa sabata imodzi."

"Ndiye uwatenge bambo ako. Ine ndili ndi amuna anga odwala miyendo, sindingakhale pano kumayeza madzi ndi kakapu ngati ndikulera khanda."

"Ndawauza. Akana."

"Akana? Munthu wosatha kudzimwetsa madzi amakana?"

"Mumawadziwa. Akati ayi, mawu achiwiri palibe."

Amayi aakulu anaika poto pansi. "Ndimawadziwa, inde. Zaka makumi atatu mng'ono wanga akulankhula ndi khoma. Ndinabwera kuno Lamlungu lija asanagwe. Ukudziwa chimene ndinaona? Awiri pa tebulo, aliyense ndi kambale ka msuzi wosefa. Msuzi wopanda kanthu, woti ungaone nkhope yako m'menemo. Ndinamufunsa, kodi wachitidwa opaleshoni ndiwe? Akuti ayi, ndikuperekeza. Kuperekeza! Milungu iwiri munthu wabwinobwino akumwa madzi a nkhuku, akuchapa, akukolopa, akunyamula chimunthu chonsecho kupita nacho kubafa. Ndiye lero mukuti mtima unangoima. Unangoima bwanji? Mwana wa mayi anga anafa ndi njala m'nyumba yodzaza chakudya."

"Amayi aakulu!"

"Ndanama?"

A Matani anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisatsike. Palibe anadziwa kuti anafika nthawi yanji. Amayi aakulu anatola poto uja n'kuyambanso kusuka, ngakhale anali atayera kale.

"Mwadzuka, alamu," anatero.

"Ndadzuka."

Anaima pamenepo pang'ono, kenako anapita kukakhala pampando wawo pabalaza. Bambo aang'ono anali m'menemo akudya mkate ndi mazira. Ataona mkulu wawo anatembenuzira mbale kumbali, koma sanasiye kutafuna.

Mwanayo anaganiza zophika msuzi. Mwina madzi okha ndiwo anawatopetsa. Anafuna sefa m'makabati onse osaipeza. Amayi aakulu anati sanaione. Anatsala ndi kachipinda kosungiramo katundu, kuseri kwa khitchini, kumene kunali masutikesi akale, makwerero ndi bokosi lachitsulo la zipangizo.

Chitseko chinalimba potsegula. Anakankha ndi phewa, n'kuona kuti chimene chinkagwira chinali thaulo lakale lokulungidwa, logonekedwa m'munsi mwa chitseko, mbali ya m'kati. Kazenera kam'mwamba kanali kotsegula. Pakati pa kachipindako panali chidebe chovundikira, pamwamba pake atayalapo nsalu yopinda kanayi. Pa shelefu, pakati pa chitini cha penti ndi nyali yakufa, panali mbale ya pulasitiki yotsuka bwino, supuni ya pulasitiki, kabotolo ka mchere, theka la mkate umene unali utachita nkhungu, ndi zitini zitatu za nsomba. Chimodzi chinali chotsegula, chopanda kanthu. Magalasi owerengera a amayi ake anali pomwepo.

Mwanayo anakhala pa chidebecho. Mawondo ake anagunda masutikesi.

Kenako anapita pabalaza. "Bambo, tabwerani muone."

"Chiyani?"

"Ingobwerani."

Anayenda pambuyo pake akugwira khoma. Amayi aakulu anawatsatira, manja akudontha madzi. Atatuwo anaima pakhomo la kachipindako.

Amayi aakulu ndiwo anayamba kulankhula. "Izi n'chiyani?"

"Amadyera muno," anatero mwanayo. "Amayi amadyera muno."

Amayi aakulu anatenga chitini chopanda kanthu chija, anachitembenuza, anachibwezera. Anayang'ana chidebe, anayang'ana thaulo. "Chitsiru cha mkazi," anatero. "Nyumba yonseyi, iye kudyera pa chidebe ngati wakuba." Anapukuta manja pa diresi n'kubwerera ku mapoto awo. Madzi a pampopi anatseguka, koma kusuka sikunamveke.

"Munkadziwa?" mwanayo anafunsa.

A Matani anayang'ana shelefu.

"Ndinkamva supuni," anatero.

"Supuni?"

"Ikugunda mbale. Tikatha msuzi ankati akukasanja katundu. Tsiku lililonse kusanja katundu." Anameza mate amene panalibe. "Tsiku lina ndinatsokomola. Mawa lake supuni sinamvekenso. Anagula izi."

Anakhudza mbale ya pulasitiki ija ndi chala chimodzi.

"Simunawauze kuti mukudziwa?"

"Akanasiya kudya."

Aka kanali koyamba chimwalirireni amayi ake kuti mwanayo amve bambo ake akulankhula mawu opitirira atatu. Anadikira ena, koma anali atatha.

Kuchokera pabalaza kunamveka bambo aang'ono akufunsa ngati nkhuku ya dzulo inatsalako, ndipo posakhalitsa mafuta anayamba kulira m'chiwaya. Fungo linadza m'kanjira n'kuwapeza pomwe anaima. A Matani anatseka maso, dzanja linapita pamimba.

"Tiyeni mukagone kuchipinda," anatero mwanayo.

Iwo analowa m'kachipindamo. Anayang'ana chidebe.

"Ichi sichingandinyamule."

"Ngakhale mwaonda?"

"Ngakhale."

Anakhala pa bokosi lachitsulo, pang'onopang'ono, akusamala mabala. Malo anali ochepa, phewa lawo linakhudza makwerero. Analoza chidebe ndi mutu. Mwanayo anamva. Anathamangira kuchipinda, anabwera ndi botolo lija ndi kakapu, n'kukhala pomwe ankakhala amayi ake.

"Lolemba ndipempha masiku ena," anatero. "Akakana, akana."

"Ana ako?"

"Bambo awo alipo. Aphunzire kuphika."

A Matani anatambasula mwendo n'kukankha chitseko mpaka chinatsekeka. Kenako ndi phazi anakokera thaulo lija pampata wa pansi pa chitseko. Linakana kulowa bwino. Mwanayo anawerama kuti athandize, koma iwo anamuletsa ndi dzanja. Anagwira shelefu, anawerama okha mpaka pomwe mabala anawalola, n'kulikanikiza ndi zala kuyambira kumapeto kuno kufika uko. Thaulolo linali litazolowera kale mpatawo, linalowa m'mapindo ake akale.

Fungo la mafuta linachepa, kenako linatha. Munatsala fungo la penti ndi kamphepo kochokera pa kazenera.

Mwanayo anadzaza kakapu mpaka pa mzere. A Matani anakalandira, anakagwira ndi manja awiri. Ananyowetsa milomo, anadikira, anameza. Anadikiranso monga linanenera pepala lakuchipatala, maso ali pa magalasi amene anali pa shelefu.

"Thira kena," anatero.