Kaputeni Asambira Chagada

"Ine ndakula pano pa Chembe, koma nsomba yamoyo yoyenda chagada sindinaionepo. Ndi malodza amenewa," anatero a Gloria, akuloza thanki yagalasi ndi chipande chimene anachoka nacho kumoto. "Ichoke m'nyumba muno tisanamete maliro."

Azakhali akewo akulankhula, Keti maso anali pa nsombayo. Anali atagwada pamkeka, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Nsomba zina zonse za mbuna zinali kungoyenda bwinobwino pakati pa miyala, koma yaikulu ija, yabuluu ya mizere yakuda, imene malemu bambo ake ankaitcha Kaputeni chifukwa chokonda kuthamangitsa zinzake, inali itapendekeka ngati bwato lolowa madzi. Imati ikayesa kutsika, mchira umatsogola kumwamba, kenako n'kugudubuzika, mimba poyera.

A Harold, bambo akewo, anaikidwa m'manda Loweruka, ndipo tsopano kunatsala tsiku limodzi kuti amete maliro, akafika abale a ku Makanjira amene lole inawafera panjira. Pa unyamata wawo malemuwo ankamira pansi pa nyanja kugwira tinsomba tamawangamawanga, timene bwana wawo wina ankatitumiza kunja pa ndege. Ntchitoyo inawadyera makutu, ndipo itatha anabwera kunyumba ndi thanki imeneyi pamutu, pamodzi ndi kampope kampweya koyendera batire ya sola. Mudzi wonse unaseka mpaka kugwira nthiti. Pa Chembe nsomba ndi ndiwo, ndiye mwamuna wamkulu wandevu zake kumadzuka m'mamawa kukasakira nsomba chakudya, anthu anati madzi anamulowa m'mutu kudzera m'makutu momwemo. Iwo sankamva n'komwe, ndipo mwina ugonthiwo unawathandiza.

"Azakhali, ndipatseniko lero lokha," anatero Keti. "Mukaitaya m'nyanja ili chonchi, nkhwazi siichedwetsa."

"Ndiye tiziopa nkhwazi kusiya kuopa zimene zikubwera pamtundu? Mchimwene wanga wagona dzanadzanali, lero nsomba yake yayamba kutionetsa mimba. Mawa m'mawa ndibwera ndi ndowa."

Anatuluka, chitenje chikukwapula mwendo. A Gloria sanali munthu woipa, ayi. Ndiwo anasambitsa mlongo wawo ali mwana, ndiwonso analira mpaka mawu kutha pa tsiku loika. Kungoti mantha awo ankatuluka ngati ukali.

Keti anasendera pafupi. Iye anakwatiwa ku Monkey Bay komwe amagulitsa usipa wouma, ndipo nsomba zimene ankazidziwa bwino zinali zakufa kale. Koma pa ana onse a a Harold ndi iye yekha amene ankakhala nawo patsogolo pa galasi limeneli, anzake akusewera fulaye panja. Anakumbuka fungo la sopo wofiira pa malaya awo, ndi mawu awo okwera a munthu wosadzimva yekha. Ankamuuza za mgolo woikamo nsomba zogwidwazo umene ankaumangirira pansi pa madzi, n'kumaukweza pang'onopang'ono, chifukwa nsomba ya pansi ukaithamangitsira pamwamba imafufuma n'kumayandama. Ankatinso nsomba ikadwala usayambe ndi kuigwira, uyambe wayang'ana zinzake. Keti anawasowa bambo ake koopsa.

Anayang'ana zinzakezo. Palibe imene inali pamwamba kuwefukira mpweya, ndipo kampope kanali kutulutsa thovu lake monga mwa masiku onse. Ndiye kuti vuto silinali mpweya. Anayang'ana Kaputeni. Mamba anali osalala, opanda timadontho toyera, zipsepse zosang'ambika, maso owala. Koma mimba inali itatupa, ndipo kumbuyo kwake kunkalendewera kaulusi koyera. Keti anapinda dzanja la bulauzi, napisa mkono m'madzi, natembenuza mwala umodzi. Pansi pake panadzuka tizinthu toyera tofewa. Anatola kamodzi nakapekesa pakati pa zala. Unali mpunga.

Anatembenuza mwala wina, napeza nyenyeswa za sikono ndi kachidutswa ka nyama ya mbuzi.

Amayi ake, a Enid, anali atakhala pakona ya chipinda chomwecho, pamene anamfedwa amakhala, miyendo itatambasulidwa, duku lakuda kumutu. Chiikireni maliro anali asanalankhule mawu opitirira "zikomo" kwa obwera kudzapepesa. Pambali pawo panali mbale yovundikira imene amayi a mpingo anawabweretsera.

"Amayi, kodi alipo ana amene akumalowa muno kudzaponyera nsombazi chakudya?"

A Enid anayang'ana zikhadabo zawo.

"Palibe mwana walowa muno."

"Nanga mpungawu?"

Panja amayi ena anali kukangana za nkhuni.

"Akandibweretsera chakudya chimandikanika kukhosi," anatero a Enid motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ndinazolowera kuyamba ndapakulira bambo ako. Tsopano ndikatsegula mbale, dzanja limangopita lokha, koma woti ndimupatse palibe. Ndiye ndimaona iyo yaikuluyo ikundiyang'ana. Ndinati nayonso yafedwa, isagone ndi njala."

Keti anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amayi akewa ndi amene kwa zaka zambiri ankatcha nsombazo "akazi anzanga", n'kumadandaula kuti a Harold amadziwa nsomba ikadzimbidwa koma sadziwa mkazi wawo akameta tsitsi. Sanayambe agwirapo galasilo ngakhale kulipukuta fumbi.

"Mbuna sizidya za ife, amayi. Zimakukuta ndere za pamiyala basi. Ndipo Kaputeni ndi wadyera, amalanda zonse, n'chifukwa chake wadwala yekha. Matumbo atseka, mpweya wadzaza m'mimba."

"Ndiye ndamupha ine?"

"Sanafe. Tisiye kumupatsa kanthu, tichotse zonyansazi, tisinthe madzi. Akayamba kutsika tidzamupatse mwala wa ndere. Sindikulonjeza, koma ababa ankatero."

A Gloria anali ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu, ndipo anamva zonse.

"Alamu, inu n'kumadyetsa nsomba nyama ya mbuzi?" Mawu awo anatsika pang'ono, koma anawakwezanso msanga. "Kaya ndi mpunga kaya n'chiyani, anthu a ku Makanjira akadzaona nsomba yachagada m'nyumba ya maliro adzanyamula nkhani. Ikapanda kutembenuka pofika mawa, ndowa yanga ilipo."

Masana onse Keti anakhalira kutunga madzi kunyanja, kuchotsa akale pang'onopang'ono ndi kapaipi, kutsuka miyala. Kutacha anapeza Kaputeni atasiya kugudubuzika. Anali chipendekekere, koma msana unali kumwamba, ndipo kaulusi kaja kanali katagwa. A Gloria anabwera ndi ndowa yawo monga ananenera, anayang'ana nthawi yaitali, nati kupendekeka ndi chagada n'pachibale. Komabe ndowayo anaiika pansi.

"Akadya, mumusiya?" anafunsa Keti.

"Adye kaye ndione."

Vuto linali mwala. Keti ankadziwa kuti bambo ake ankapalasa bwato mpaka kuchilumba n'kumira kuti akatole miyala ya ndere zabwino, ndipo amuna onse pamudzipo anali otanganidwa ndi za kumeta. Anaganiza zongoyenda m'mbali mwa nyanja, mwina mwayi n'kumugwera. Akutuluka anamva amayi ake akudzuka, mawondo akulira.

"Alamu, simunamete, mukupita kuti?" anafunsa a Gloria.

"Kukasamba m'maso. Kapena nakonso n'koletsedwa?"

Anatsika awiriwo mpaka padooko pamene a Enid ankatsukira mbale chikwatiwire. Dzuwa linali litakwera kale, madzi ali mbee, mchenga ukuoneka pansi. Keti anakwinya chitenje nalowa, maso ali kutali kumene kunali matanthwe. Sanapite patali, chala chake chinagunda chinthu.

Inali miyala yosalala, iliyonse yokwana m'manja, itandandalikidwa pamchenga mumzere wautali wotsata gombe, pamadzi osafika n'komwe m'mawondo. Ya kumanzere inali itabiriwira ndi ndere zokhwima. Ya kumanja inali ndi ndere zongoyamba kumene, ndipo yakumapeto inali idakali yoyera. Pagombe la mchenga wokhawokha ngati limenelo, miyala sibwera yokha.

A Enid anaima m'mphepete, dzanja pakamwa.

"Miyala imeneyi yandipweteka zala chiyambire nthawi ya dzinja," anatero. "Ndakhala ndikukalipira ana a eni ake kuti akusewera nayo padooko panga."

"Ndi nthawi imene ababa anayamba kudwala ija?"

"Atangobwera kuchipatala ulendo woyamba. Ankachoka m'mawa ndi bwato, ine n'kumawakalipira kuti munthu wodwala sapalasa." "Ankadziwa kuti ine madzi akangofika m'chiuno ndimakuwa. Sanandiuze kanthu, nkhalamba imeneyi. Anadziwa kuti akandipempha ndikana."

Keti anawerama kuti atole mwala wobiriwira kwambiri, koma amayi ake anamugwira paphewa. Anavula mapatapata, nalowa m'madzi mosamala ngati mwana wophunzira kuyenda, nautola okha. Anaunyamula ndi manja awiri kukwera mtunda, madzi akudonthera pa chitenje chakuda, osalola kuti Keti awalandire.

M'nyumba anaumiza m'thanki mpaka mkono wonse kunyowa. Mbuna zing'onozing'ono zinauunjirira nthawi yomweyo. Kaputeni anakhala kaye pakona, kenako anabwera chammbali, movutikira, nathamangitsa kansomba kachikasu, nakukuta ndere kawiri konse.

A Gloria anatola ndowa yawo, nanena kuti kumoto kukufunika madzi. A Enid anakhala pansi patsogolo pa galasi, napukuta dzanja pa duku.

"Keti, usanabwerere ku Monkey Bay undionetse," anatero. "Ndiyambire mbali iti ya mzere uja?"