Chikhotho Choyera cha a Eliasi

A Kefasi ananyamula chikhothocho m'mwamba ngati akuchigulitsa pamsika wa komboni ya Gaza. Chinali chomaliza pamphasa. Mathalauza ndi nsapato za malemu mkulu wawo, a Eliasi, anali atagawira kale achibale.

"Ichi ndi cha Tobiyasi, mwana wamwamuna," anatero.

Loness, mwana wamkazi wa malemuwo, anamva kuwawa mpaka m'mafupa. Chiikireni maliro tulo sanationepo, ndipo mphamvu zokangana analibe. Komabe anagwada.

"Bambo aang'ono, china chilichonse sindikufuna. Ndipatseni chikhothocho."

"Maiwe! Unaona kuti mkazi akuvala za malemu wamwamuna? Ukufuna kutiitanira minyama?"

Chikhothocho n'chimene a Eliasi ankavala poimbira masewero a mpira wa kiriketi pabwalo la esiteti ya tiyi. Ndiwo ankaphunzitsanso oimbira ndi olemba zigoli, koma njala ya 2008 inawamwaza onse, ena ku Joni, ena ku Mozambiki. Mwa ophunzirawo anatsala Loness yekha. Zaka zonsezo ankaima padzuwa kumbuyo kwa timitengo timene oponya mpira amalunjika, bambo ake akumukalipira. Akakweza chala msanga ponena kuti womenya mpira watuluka, ankamufunsa ngati akuthamangira basi. Akachedwa, ankati wagona. Mawu akuti wachita bwino anali ngati shuga wa chaka chimenecho, wongomva kuti kwinakwake aliko. Loness ankangofuna kanthu komutsimikizira kuti sanapse ndi dzuwa pachabe.

Tobiyasi, amene anabwera kuchokera ku Joni chimanjamanja, analandira chikhothocho mosayang'ana mlongo wake.

"Sisi, zvakaoma, zinthu zavuta. Nsalu iyi kutsidya kwa malire atipatsa nayo ndowa ya chimanga. Kiriketi tidya?"

Pamenepo sananame. Ufa m'nyumbamo unatheradi pamaliro.

"Livale kaye, mwambo uthe," anatero a Kefasi.

Tobiyasi analowetsa mkono umodzi, wachiwiri n'kukanira m'njira. Anakoka, anadzipinda, koma mapewa anakana ndipo manja analekezera pafupi ndi chigongono. Anthu anayang'anana, pakuti mnyamatayo thupi anatengera bambo ake ndendende.

"Chinafota ndi sopo wa masiku anoyu," anatero a Kefasi.

"Sopo tinamuona kuti ife?"

Anali a Emilia, mkazi wamasiye wa a Eliasi. Anatambasula dzanja, Tobiyasi n'kuvula chikhothocho. A Emilia anachitembenuza kunsi n'kuonetsa msoko watsopano, wokhotakhota, wa ulusi wakuda pansalu yoyera.

"Malemuwa anasoka okha, atayamba kudwala. Manja akunjenjemera, singano ikuwabaya. Anatenga bulauzi ya Loness pachingwe n'kuyezerapo. Nditati ndiwathandize anandithamangitsa, amvekere ine sindidziwa mmene woimbira amakwezera mkono."

"Bwanji sanandiuze?" anafunsa Loness.

"Bambo ako? Anati ukamva uyamba matama."

A Kefasi anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna chipewa chawo chimene chinali pabondo. Tobiyasi anakhala pansi n'kuphimba nkhope.

A Emilia anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno, n'kumuveka mwana wawo chikhothocho. Chinamukhala bwino paliponse, kupatula mkono wamanja, umene kukhwapa kwake unali wotakasuka dala.

"Takweza chala tione," anatero mayi ake.

Loness anakweza, ndipo msoko sunakoke.