Zidole za M'mabotolo

Mlamu wake anali akutsegula botolo lachitatu pamene mayi wa mwana analowa m'chipinda cha malemu. Pansi panali mbwee: kagalimoto kofiira, mpira, kabakha kolira ukakafinya. Mwanayo, wa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, anakhala pakati pa zonsezo ngati mwini sitolo, osatulutsa liwu.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikumasula akaidi," anayankha mlamuyo, mchemwali wamkulu wa mwamuna wake, yemwe anabwera kumaliro ndi sutikesi ya mwezi wathunthu. "Taonani. Kutsekera zidole za mwana m'mabotolo n'kuziika pamwamba pa kabati. Ukalamba ndi matenda ndithu."

Panali patapita masiku asanu ndi limodzi chiikireni m'manda apongozi aamuna a mayi wa mwanayo. Mkuluyo anameta anthu kwa zaka makumi atatu m'kachipinda ka pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo anthu ankati ukalowamo umasiya tsitsi n'kutuluka ndi nkhani za tauni yonse. Pakamwa pawo sipankazizira. Akamaliza kumeta munthu ankamusasa paphewa kawiri, n'kuitana kuti, "Wina."

Mdzukulu atakwanitsa zaka ziwiri asananene ngakhale "mama", ndi iwo anapita kukamulembetsa kuchipatala, kwa mayi wothandiza ana ochedwa kulankhula. Anadikira miyezi inayi kuti malo apezeke. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ankavala jekete, kunyamula mwana, ulendo. Tsiku loyamba anabwerako atakhumudwa. "Akuti vuto lina ndine," anauza mpongozi wawo. "Akuti ndimamufunsa funso n'kuyankhanso ndekha." Mayi wa kuchipatala uja anawalangiza kuti zinthu zimene mwana amazikonda aziziika poti azione koma osazifikira. Akaloza, atchule dzina la chinthucho kamodzi, atseke pakamwa, awerenge chamumtima mpaka khumi. Mwana akayesa liwu lililonse, amupatse. Akapanda kuyesa amupatsebe, mawa ndi tsikunso. Mkuluyo chamumtima chinkawavuta, ndiye ankawerenga ndi zala pabondo. Pamene ankamwalira, mwana anali ndi mawu khumi ndi limodzi.

Chiyambire maliro mayi ake sanamveko ngakhale limodzi. Aliyense wolowa m'nyumba ankamvera mwana chisoni. Akangoyang'ana kapu, kapu yafika. Akangotukula dzanja, anthu atatu aimirira.

"Mabotolowo anali ntchito, alamu," anatero, akuyesetsa kuti mawu asakwere. "Ndipo mawa ndi Lachiwiri. Lapitali tinajomba chifukwa cha maliro. Ukajomba kawiri motsatizana malo amapatsa mwana wina, pamzere pali anthu. Ine kufakitale masiku amene anandipatsa atha, abambo akewa akunyamuka ndi lole m'mamawa. Ndimati ndikupempheni inu."

"Ine? Ndikakhale pabenchi kuti mtsikana wa dzulodzuloli andiphunzitse kucheza ndi mwana? Ndalera ana anayi ine. Mwana amalankhula nthawi yake ikakwana. Achimwene angawa anayamba ali ndi zaka zinayi, lero si awa?"

Bambo wa mwanayo anali ataima pakhomo, katoni ya nsapato za malemu ili m'manja. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mchemwali wake, kenako anayang'ana nsapato.

"Si awa ndithu," anatero mayi wa mwana. "Chiyambire nkhaniyi anenapo chiyani?"

"Aa, mayi a mwana, inenso mwandilowetsamo?"

"Ndi mwana wanu. Munalowamo kalekale."

Mlamu anakhala pabedi n'kupukuta fumbi m'manja. "Ndikuuzeni zimene simukufuna kumva. Nditabwera ulendo watha uja ndinawaona bambo ndi maso angawa. Mwana akuloza madzi, iwo agwira kapu, akumuyang'ana ngati wapolisi, zala zikunjenjemera pabondo. Ndinachita kuwalanda kapuyo. Mukudziwa anatani? Sananene kanthu. Bambo, munthu woti ankacheza ndi wailesi, osanena kanthu. Ndi pomwe ndinadziwa kuti mutu wayamba kusokonekera. Ndinauza abale onse kuti tikonzeke."

Mayi wa mwana anakumbukira mmene alendo ankalankhulira ndi mkuluyo miyezi yomaliza ija, mokweza ndi pang'onopang'ono, ngati kwa munthu wosamva. Iwo ankangomwetulira.

"Ndiye ndinu munafalitsa zimenezo."

"Ndinanena zimene ndinaona."

"Zala sizinkanjenjemera, alamu, ankawerenga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anaphunzira kutseka pakamwa chifukwa cha mwana uyu. Mukudziwa mmene zinkawapwetekera? Ankatuluka panja kukalankhula ndi mpanda kuti mawu awachoke m'mimba. Inu kufika tsiku limodzi, kulanda kapu, n'kuwapatsa misala. Pamaliro munalira kuposa tonse, lero mukuwaphwasulira ntchito yawo nsapato zawo zisanatuluke n'komwe m'nyumba."

"Mayi a mwana, pang'onopang'ono," anatero mwamunayo.

"Pang'onopang'ono ndi mmene tatayira mawu khumi ndi limodzi."

Mlamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma fumbi la pakabati lija linamugwira pakhosi, anayamba kutsokomola. Anatambasula dzanja kuti atenge kapu ya pulasitiki imene anaiika pampando. Kapuyo panalibe. Mwana anali ataitenga, ataikumbatira pachifuwa ndi dzanja limodzi, madzi pang'ono atatayikira pamalaya.

"Bweretsa kuno, iwe," anatero azakhali akewo.

Mwanayo sanasunthe. Anawayang'ana m'maso, nsidze atakweza. Dzanja linalo linali pabondo, tizala tikugunda kamodzikamodzi, mosalondola, kena kawiri, kena kudumphidwa.

"Akutani ameneyu?"

"Akukudikirani," anatero mayi ake, mawu atatsika.

"Ndinene chiyani?"

"Chimene mukufuna."

Mlamu anayang'ana tizala tija nthawi yaitali. Mchimwene wake anatsitsa katoni pansi mosapanga phokoso.

"Madzi," anatero mlamu.

Mwana anaimirira, anapereka kapu ndi manja awiri. Kenako anaima chonyang'ama, anasasa azakhali ake paphewa kawiri.

"Wina," anatero.

Mlamu sanamwe madziwo. Anaika kapu pabondo, anaigwira ngati ingathawe. Patapita kanthawi anawerama, anatola kagalimoto kofiira kaja n'kukabwezera m'botolo. Anatseka chivindikiro, anachiyesa, anachimasulako pang'ono.

"Ankamanga chonchi, kapena kwambiri?"

"Kwambiri," anatero mayi wa mwana. "Kuti azibwera kudzapempha."

Mlamu anamanga. Anaimirira, anaika botolo pamwamba pa kabati, pamene fumbi linasiya chizindikiro chozungulira, n'kulitembenuza kuti kagalimoto kayang'ane kwa mwana.

"Jekete ya bambo ija musaipereke kwa munthu," anauza mchimwene wake. "Khadi la kuchipatala liyenera kuti lili m'thumba."