Dothi la Césarine M'munda mwa Alamu Ake

A Zéphirin anali ndi dothi la Césarine, ndipo sabata inatha osabweza ngakhale dengu limodzi. Césarine ankadandaula pachitsime, pakhomo la tchalitchi, ngakhale kwa mbuzi zake pozikama. Dothi limene iye ndi malemu mwamuna wake Célestin analisenza pamsana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri linali khale m'munda mwa alamu ake, ndipo eni mundawo ankangomupatsa moni ngati palibe nkhani.

Kale munda unali umodzi, wa apongozi. Atamwalira, ana awiri anaudula pakati. A Zéphirin, poti ndi aakulu, anatenga kumunsi. Célestin anatenga kumtunda, ndipo pakati panali khoma la miyala lolekeza m'chiuno. Kuno kumapiri a Maurienne munda wakumtunda umayenda. Ukalima dothi limatsika, mvula ikagwa limatsika. Ndiye chaka ndi chaka usanabzale umalikumba pomwe launjikana pakhomalo, kudzaza dengu la kumsana, n'kukwera nalo kukathira pamwamba pomwe thanthwe layamba kusuzumira. Wosatero, pakatha zaka zitatu amalima mwala.

Célestin anatsalira kunkhondo. Khoma linayamba kutupa mimba, Césarine akuliona, koma miyala yake inkafuna amuna awiri. Ankati alikonza akatuta udzu, kenako akakumba mbatatesi. Mu Epulo mvula yofunda inagwera pachipale chofewa cha m'phiri masiku awiri, khoma n'kuphulika, munda wonse n'kutsetsereka ngati phala.

Césarine atapita koyamba kukaitanitsa dothi lake, a Zéphirin anati adikire liyambe lauma, matope sasenzeka. Anadikira masiku anayi. Atapitanso anati msana ukuwapweteka, akambirana mawa. Kunyumba mbewu ya mbatatesi inali itayamba kale kuphuka m'chipinda chapansi, ndipo Léontine, mwana wake wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankangoisuzumira. Mundawo ndi umene unkawadutsitsa m'nyengo yozizira, miyezi isanu imene njira imatsekeka ndi chipale. Dothi lina akanalipeza kuti? La kunkhalango amaletsa, ukagwidwa ndi mlandu. Kumtsinje kuli timiyala tokhatokha, komanso kukwera kuchokera kumeneko ndi ola lathunthu dengu limodzi. Kusamuka? Kwawo kuli mlongo wake ndi ana asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi ndi ng'ombe.

Lamlungu, Misa itatha, anakagwira dzanja a Onésime, mkulu amene anthu amamuitana akakangana za malire. Mkuluyu ankayenda ndi ndodo yachitsulo, ndipo panalibe munda m'phiri lonselo umene sanaubayepo. Kwa iye munda sunali wa uje, unali wa pomwe ndodo yalekezera. Ikalowa mpaka kufanana ndi chigongono, ndiye wa tirigu woyera, ndipo minda yotere inali itatu yokha, pafupi ndi tchalitchi. Ikalowa chikhatho chimodzi kapena ziwiri n'kugunda thanthwe, ndi wa mbatatesi ndi tirigu wakuda. Ikalira ngwee isanabise chala, kapena timiyala tikachuluka kuposa dothi, n'ngwa mbuzi basi. Ankayang'ananso mwala wapansi. Pamwala woyera pamakhala dothi lakuda ngati mwaye, lokoma koma laludzu, dzuwa la masiku atatu limaliumitsa gwa. Pamwala wa sileti, womwe timafolerera nyumba, pamakhala lotuwa, losunga chinyezi koma loterera.

Apa ndiye pomwe Césarine anaikira mtima. Munda wake unali pasileti, wa alamu ake pamwala woyera. Lake lotuwa linali pamwamba pa lawo lakuda, poyera, moti ngakhale wakhungu akanalisiyanitsa ndi zala. A Onésime anati abwera Lachiwiri m'mawa.

Lachiwiri anatsika atatu ndi a Onésime, Césarine ndi Léontine atabereka kale madengu. Anapeza munda wa a Zéphirin wonse utatembenuzidwa. Dzulo lake, Césarine ali kutsidya ndi mbuzi, bambowo ndi ana awo aamuna awiri anamwaza ndowe n'kutipula kuyambira kumunsi mpaka pakhoma. Lotuwa, lakuda ndi ndowe zinali zitasanduka chinthu chimodzi. Eni ake anali chiimire pakona, atatsamira khasu, akumaliza kamzere kotsala.

"Alamu, msana uja wachira msanga bwanji," anatero Césarine.

"Mafuta a mbuzi, amake Léontine. Muziyesako."

"Munda wanu wanenepanso. Wadya chiyani?"

"Zomwe Mulungu watsitsa."

"Mulungu sanasenzepo dengu m'phiri muno. Ndine ndinasenza, ndi mng'ono wanu."

A Onésime sanalowerere. Anabaya ndodo m'munda mwa a Zéphirin, inalowa pafupifupi chigongono. Anatapa dothi, kulifikisa m'zala, kulinunkhiza, n'kulitaya. Kenako anakwera pang'onopang'ono podutsa pomwe khoma linagumuka, n'kubaya mwa Césarine. Ngwee. Anasuntha mapazi asanu. Ngwee. Pakona imodzi yokha ndodo inabisa zala zitatu. Atatsika anati lakumtundalo latsika ndithu, zimenezo palibe angakane. Koma mwambo ndi woti wakumtunda amatenga dothi lake ngati likuoneka, ndipo ili silikuonekanso. Komanso khoma ndi la wakumtunda, likagwa mlandu ndi wake. Iwo sangakakamize munthu, zatsala kwa achibale okhaokha. Anatero, n'kukhala pamwala kuyamba kudzaza fodya m'kaliwo.

Césarine sanalire. Anaika dengu pansi n'kuyamba malonda. Anati madengu mazana awiri, atenga yekha, ndowe yawo adzawabwezera yambuzi. A Zéphirin anati akachotsa mazana awiri ndiye kuti watenga ndi lawo lomwe. Césarine anatsikira pa zana limodzi, n'kuwonjezapo kamwana kambuzi kakakazi. Alamuwo anati ali nazo mbuzi zokwanira. Césarine anati makumi asanu ndi limodzi, ndipo Léontine adzawadulira udzu sabata ziwiri m'malo otsetsereka omwe ana awo amaopa. Léontine anayang'ana pansi. A Zéphirin anaseka pang'ono, nati mwanayo adzawathandiza ndithu, chifukwa iwo analinso ndi maganizo awo.

Maganizo awowo anali awa. Munda wakumtunda wasanduka wa mbuzi, a Onésime anena okha. Ndiye Césarine awapatse mundawo, aziikamo mbuzi zawo. Iye ndi mwana wake azilima muno kumunsi limodzi ndi banja lawo, pokolola azilandira matumba awo. Palibe adzagone ndi njala, iwo si munthu wotaya mkazi wa mng'ono wawo. Miyala ya khomalo yokha ndiyo achotse msanga, ikuwatsekera mzere.

"Ndizilima dothi langa lomwe ngati waganyu wanu?"

"Mwatero ndinu. Ine ndati chibale."

"Chibale chotipula ine ndili kumbuzi?"

"Nyengo yobzala sidikira milandu, mlamu wanga. Khomalo ndinakuuzani kawiri."

"Munandiuza, inde. Muli ndi amuna awiri m'nyumba, munabwera nawo?"

A Zéphirin anangochotsa dothi pakhasu ndi chidendene cha nsapato.

Césarine anayang'ana kumtunda. Sileti inali mbee padzuwa, madzi akuyenderera pamwamba pake. Pakona paja pa zala zitatu akanabzala mizere inayi, yosakwana kudya mpaka Khirisimasi. Anayang'ananso kumunsi, chigwa chopapatiza, phiri uku phiri uko. Anaganiza zotenga khasu n'kungoyamba kudzaza dengu pamaso pa alamu ake, koma ana awo awiri anali atatulukira kale kuseri kwa khola, manja m'matumba, ndipo a Onésime anali mboni kuti mwambo suli mbali yake.

Anatola dengu lake n'kuliika pamapazi pa alamu ake.

"Makumi awiri. Ongokwanira kuti pakona apo pakhale chikhatho chimodzi. Mbuzi ija mutengebe, udzu tidzadulabe. Sindikupemphanso za ine, alamu. Ndi mbewu ya Célestin ili m'chipinda muja, ikuphukira mumdima."

A Zéphirin anayang'ana dengulo nthawi yaitali. Léontine anadzutsa mutu. Ngakhale a Onésime anachotsa kaliwo pakamwa.

"Ndikakupatsani makumi awiri, mwavomereza kuti otsalawo ndi anga, kapena chaka chamawa mudzabweranso?"

"Ndidzabweranso," anatero Césarine, poti kunama sankakudziwa.

"Ndiye ayi. Ngakhale limodzi."

Anakankhira dengulo pambali ndi phazi, n'kupitiriza mzere wawo.