Mawindo a Basi ya Radojka

Basi ya m'mawa yopita kumsika wa ku Leskovac ankayendetsa ndi Radojka, mayi wojintcha, wosachedwa kubweza mawu. Chaka chimenecho mwezi wa Ogasiti unabwera ndi dzuwa loswa mtengo, pomwe makina oziziritsa m'basimo anali atafa kalekale. Mabwana ankangoti tikonza, tikonza.

Tsiku lina basi inadzaza thothotho, anthu ndi matumba a tsabola wofiira. Asanapite patali aliyense anali atanyowa ndi thukuta. Radojka anatsegula windo lake, n'kuuza a kumbuyo kuti atsegulenso lawo.

"Iwe, ukufuna kutipha?" anakuwa motero agogo Vidosava, ogulitsa tchizi, amene mpando wachiwiri ankauyesa wawowawo. "Windo uku, windo uko! Imeneyotu ndi promaya!"

Aliyense m'basimo anakula akuiopa promaya, mphepo yolowera windo lina n'kutulukira lina. Ankati imaumitsa khosi, imapotoza pakamwa, imafika mpaka ku impso. Radojka naye ali mwana amayi ake ankamuthamangitsa ndi mpango kuti adzikulunge, kuopa mphepoyo. Koma anali atayendetsa basi zaka zambiri windo lili chitsegukire, ndipo pakamwa pake panali pabwinobwino.

"Agogo, ndikufunseni," anatero maso ali pamsewu. "Mphepo ya kumunda kwanu ija, yogwetsa zipewa, simuiopa. Nanga mphepoyo imadziwa bwanji kuti yadutsa pawindo, kuti iyambe kupha anthu?"

"Ya panja ndi ya Mulungu. Ya pawindo ndi ina."

"Mdzukulu wanu amaliwitsa njinga yamoto chifuwa chili pamtunda. Bwanji sanapotoke?"

Ena anaseka. Koma bambo Milisav, nkhalamba yopuma ntchito ya njanji, anamuloza ndi ndodo. "Usatiseke, mwana iwe. Ine chaka chatha ndinakhala pawindo, mawa lake chimfine chadzaoneni."

"Chimfinecho anakupatsani ndi amene anakuyetsemulirani, bambo. Ndi tizilombo, timachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Mukatseka mawindo ndiye kuti tizilomboto mwatimangira khola. Zouma khosi sindikana, zimachitika munthu ukanyowa thukuta. Koma kuuma khosi sikupha munthu. Kutentha kotereku ndiye kumapha."

"Dokotala wa pachiwongolero!" anatero wina kumbuyo, ndipo windo lija linatsekedwa kuti phaa.

Radojka anakukuta mano. Atayang'ana pagalasi anaona Jagoda, mtsikana woyembekezera wa mudzi wa kumtunda, nkhope itatuwa, mutu ukulendewera ngati duwa lofota. Sanafunse munthu. Anaimika basi m'mbali mwa munda wa chimanga, nazimitsa injini, natsegula zitseko zonse ziwiri, makiyi n'kuponya m'thumba. Anamugwira Jagoda m'khwapa, kumukhazika pamthunzi, kumumwetsa madzi, ena n'kumuthira m'khosi. Kenaka anabwerera, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Basi iyi siyenda mpaka mawindo onse atatseguka. Woopa mphepo, msewu ndi uwu, miyendo muli nayo."

"Tikakunenera ku ofesi!" anatero agogo Vidosava.

"Kanenereni. Mukawakumbutsenso za makina awo akufawa."

Anatukwana, anaopseza, wina anatchula mpaka malemu amayi ake. Radojka sanasunthe. Mantha anali nawo ndithu, pakuti ankadziwa kuti mabwana sakonda dalaivala woimitsa basi panjira, koma akayang'ana Jagoda mantha ankatha. Dzuwa linkakwera. Tchizi anayamba kuchucha madzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti kumsika anzawo akulanda malo abwino.

Potsiriza bambo Milisav anadzuka akung'ung'udza, nakankha windo lawo ndi ndodo. "Ndikafa, bokosi ukanyamula ndiwe."

"Ndidzanyamula, bambo, ndi nkhata ya maluwa yomwe."

Mawindo anatseguka limodzilimodzi. Jagoda anakwera, nakhala kutsogolo, ndipo basi itayamba kuthamanga nkhope yake inabwerera mwakale. Agogo Vidosava anadzikulunga mpango kumutu konse, maso okha ali panja, akuchita chizindikiro cha mtanda ulendo wonse.

Kukanena anakanenadi. Sabata yomweyo bwana anamuitanitsa Radojka.

"Ndi nkhalamba zija, ungopepesa zithe," anatero bwanayo. "Chikhalirecho promaya si nkhani yoseweretsa. Mlamu wanga inamugwetsa mbali imodzi ya nkhope."

"Pepani za alamu anuwo, koma akafunse kuchipatala chimene chinawagwetsa nkhope. Ine ndipepese chiyani? Kuti mwana wa eni sanakomokere m'basi mwanu?"

"Ukakana, ndikuchotsa pa ulendo wa kumsika. Uzipita kumapiri."

Msewu wa kumapiri madalaivala onse ankaukana: maenje, fumbi, nyengo yachisanu ndiye chipale chofewa mpaka m'mawondo. Radojka anaganizira msana wake umene unali utayamba kale kuvuta, koma anatambasula dzanja.

"Makiyi ake ali kuti?"

Lolemba lotsatira anayamba kukwera mapiri, ndipo sanapepese kwa munthu aliyense.