Maso a Luckness

Achemwali anga a Elube atamwalira, ndinasiya mwana wawo, Luckness, m'manja mwa bambo ake. Kwathu ku Utale mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume wake ndine. Abale anati ndimutenge, ine ndinakana. Ndinali nditangosiya koleji, komwe ndinkaphunzira za maso, ndipo nkhope ya mwanayo inali ya amayi ake yeniyeni. Sindinkafuna kumaiona m'mawa uliwonse.

Panapita zaka ziwiri ndisanapondeko ku Nkaya, komwe mwanayo ankakhala ndi bambo akewo.

Alamu anga, a Esau, amaonetsa kanema m'chisakasa china kuseri kwa msika. Mazenera anawamata ndi mapulasitiki akuda kuti chithunzi chiziwala. Ndinalowa dzuwa lili paliwombo, koma m'katimo munali bii. Fungo la thukuta, mkodzo ndi makoko a nthochi ovunda linandikwera kukhosi. Ndinaponda chinthu choterera, sindinafune kudziwa kuti n'chiyani.

Luckness, wazaka zisanu ndi ziwiri, anali atagona pansi pa benchi, mphemvu zikuyenda pachitenje chake. A Esau anati amagona masana chifukwa kanema amatha atambala akulira, ndipo iye amakhala kutsogolo, mphuno ili pagalasi penipeni. Ananena monyadira kuti mwana wawo sayendayenda padzuwa ngati ana a anthu ena. Sukulu anasiya yekha, akuti saona zapabolodi.

Ndinamudzutsa n'kutuluka naye. Anaphimba nkhope ndi manja, misozi ili chuchuchu. Maso atazolowera, ndinaima chapatali pang'ono n'kukweza zala ziwiri. Anafinya maso nthawi yaitali, kenaka anangolota kuti zisanu.

Ndinawafotokozera alamuwo zomwe ndinkakumbuka, kuti thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo diso la mwana limakula motsata kuwala kwa masana ndi mdima wa usiku. Mukazisokoneza, diso limatalika, zakutali n'kusanduka chifunga.

A Esau anaseka. "Adokotala osamaliza. Zaka ziwiri zonsezi munali kuti, alamu?"

Nseru yomwe ndinali nayo pa iwo inanditembenukira ndekha.

"Ndabwera kudzatenga mwana wa mbumba yanga," ndinatero.

Sanalimbelimbe n'komwe. Analowa, natuluka ndi kajumbo ka zovala zonyowa, n'kubwerera kukasintha kanema chifukwa anthu anali atayamba kuimba likhweru.

Diso lotalika silibwerera. Luckness adzafunika magalasi, ndipo chomwe ndingathe ine n'kuletsa kuti zisapitirire. M'mawa mwake ku Utale ndinamudzutsa dzuwa likutuluka kuti andiperekeze kumunda. Analira, anandikanda, anati ndine woipa. Ndinamugwirabe dzanja.

Tili m'njira anasiya kulira, naloza kutsogolo.

"Amalume, choyeracho n'chiyani?"

Inali mbuzi yathu, ili pamtunda woti n'kuigenda. Ndinamuuza kuti tiyende tikaione pafupi.